Kodi njinga yanga yopitira kuntchito ingamalize makilomita 109 a Cape Town Cycle Tour?

Funso lachokera kwa m'bale wathu wina wokhala ku Imizamo Yethu, ku Hout Bay, mumzinda wa Cape Town. Mwachidule akuti: "Ndili ndi zaka 41, ndimagwira ntchito ya m'gadeni ku Constantia, ndipo ndimapita pa njinga tsiku lililonse kudzera pa chitunda cha Constantia Nek. Kumudzi ndinapalasa kabaza zaka zisanu ndi chimodzi. Chaka chilichonse mu Malichi ndimaima m'mbali mwa msewu kuonerera anthu a Cycle Tour akudutsa, mtima n'kumandiuza kuti nanenso ndingathe. Njinga yanga ndi ya matayala akuluakulu, yogula kwa munthu. Tsiku lopuma ndili nalo limodzi, Lamulungu. Kodi ndingamalize? Ndiyambire pati?"

Achimwene, mungamalize, ndiponso pa njinga yomweyo. Ndayamba ndi yankho kuti mtima ukhale m'malo, chifukwa zotsatirazi zina ndi zowawa pang'ono.

Ine ntchito yanga ndi yokonza njinga, ndipo ulendo umenewu ndaupalasa kangapo. Anthu amene ndawaona akulephera, ambiri sanali ofooka ayi. Anali anyamata amphamvu, ena oposa ine kutalitali, koma mphamvu zawo anazimwaza m'maola awiri oyamba. Munthu wa kabaza ndi amene ndimamuopera kwambiri pa chifukwa chomwechi. Kabaza amaphunzitsa mwendo kukankha katundu wolemera pa giya imodzi, mtunda waufupi, kenako mumatsitsa kasitomala, mumakhala pansi pa mtengo, mumadya chimanga chootcha, mpweya n'kubwerera. Kuno kulibe kutsitsa kasitomala. Ndi makilomita 109, ngati kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Mchinji, ndipo zitunda zoopsa kwambiri anazisungira kumapeto. Nthawi yololedwa ndi maola 7, kutanthauza kuti mukamayenda makilomita 16 pa ola, kuphatikizapo kuima konse, mwalowa. Liwiro limenelo inu muli nalo kale. Chimene mulibe ndi thupi lozolowera kukhala pa chishalo maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ndi mimba yozolowera kudya muli pa njinga.

Musadzione ngati mlendo pa mwambo wa eni ake. Ulendowu unayamba mu 1978, pamene Bill Mylrea ndi John Stegmann anaitana anthu kuti apalase mozungulira Cape Peninsula pofuna kuonetsa kuti mzindawu ukusowa tinjira ta njinga. Ananyamuka anthu 525. Lero pena amafika 30,000 ndi kuposa, ndipo akatswiri amene amamaliza maola atatu asanakwane ndi kagulu kochepa ka kutsogolo. Ena onse ndi agogo, aphunzitsi, anamwino, anthu onenepa ndi owonda, ena pa njinga zofanana ndi yanuyo. Mfundo yake kuyambira pachiyambi inali ya munthu wopita kuntchito pa njinga, ndiye kuti inuyo.

Tiyambe ndi njingayo. Chinthu chimodzi chimene ndingakupempheni kuti muwonongerepo ndalama ndi matayala. Matayala a zibuluma aja anapangidwira matope ndi miyala, pa tala amangodya mphamvu zanu, mumamva ndi phokoso lomwe. Gulani osalala, opyapyala pang'ono, okwana pa malimu anu omwewo, muwapope molimba malinga ndi nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala. Mudzadabwa tsiku loyamba lomwelo pa Constantia Nek. Kenako mabuleki: ngati timphira tatha, sinthani, chifukwa mitsetse ya Smitswinkel ndi Chapman's Peak simasewera. Tcheni chitsukeni ndi kuchithira mafuta a tcheni, osati oyilo wakuda wa galimoto amene amakoka mchenga. Magiya onse alowe bwino, makamaka yopepukitsitsa, chifukwa ndi imene idzakupulumutseni. Keliyala, loko ndi sitandi chotsani. Zonsezi zichitike kukadali masabata atatu kapena anayi, kuti chilichonse chatsopano muyambe mwachiyesa. Njinga yokonzedwa dzulo lake ndimaiopa kuposa yosakonzedwa.

Chishalo chokha ndiimepo pang'ono, chifukwa abale athu ambiri amachiika pansi kwambiri kuti mapazi azigunda pansi akaima. Pa mtunda waufupi sizivuta, koma pa makilomita 70 mawondo amayamba kuyaka moto kutsogoloku. Khalani pa chishalo mutatsamira khoma, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke ndithu popanda chiuno kupendekera mbali. Mukabwezera phazi pamalo pake popalasira, bondo lidzakhala lopindika pang'ono chabe, ndipo pamenepo ndi poyenera. Kabudula wa anthu a njinga, wokhala ndi kasiponji pakati, musamuone ngati zachibwana. Amavalidwa popanda chamkati, chifukwa msoko wa chamkati ndi umene umatupula khungu thukuta likachuluka. Ngati manyazi akugwirani, valani kabudula wamba pamwamba pake. Chipewa cholimba choteteza mutu ndi lamulo, popanda icho simudzaloledwa kunyamuka.

Tsopano zokonzekera. Muli ndi mwayi umene anzanu okhala m'maofesi alibe: mumakwera chitunda kawiri pa tsiku, masiku asanu kapena asanu ndi limodzi pa sabata. Pamenepo sindiwonjezerapo zambiri, kupatula kuti masiku awiri pa sabata, tinene Lachiwiri ndi Lachinayi, mukwere Nek mwamphamvu ndithu, ndipo masiku enawo mukwere mofatsa ngati mwanyamula mazira. Ntchito ya m'gadeni ndi yotopetsa kale, ndipo thupi limakula mphamvu popuma, osati pozunzika.

Nkhani yonse ili pa Lamulungu. Mukhale ndi masabata 12, kuyambira pakati pa Disembala. Sabata yoyamba palasani makilomita 40, muziwonjezera 5 kapena 10 sabata iliyonse, ndipo sabata yachinayi iliyonse mubwerere pansi kuti miyendo ipume. Pofika pakati pa Febuluwale mukhale mutapalasapo makilomita 80 kapena 90 kawiri. Simufunika kumaliza 109 musanafike tsikulo. Sabata ziwiri zomaliza muchepetse, ndipo masiku atatu omaliza mukwere basi kapena takisi popita kuntchito. Ngati mumapemphera m'mawa, nyamukani kukangoyera. Nthawi ya dzuwa kuno kumacha msanga, ndipo maola atatu mukhoza kuwapeza belu lisanalire, koma maulendo awiri aatali aja adzafuna m'mawa wonse.

Pa maulendo a Lamulunguwa liwiro likhale loti mukhoza kucheza ndi mnzanu chiganizo chonse osadula mawu. Mukayamba wefuwefu, mwapitirira. Apa ndi pamene chizolowezi cha kabaza chiyenera kuthyoledwa. Mwendo wanu umakonda giya yolemera, kukankha pang'onopang'ono mwamphamvu mutaimirira. Phunzirani giya yopepuka, miyendo izizungulira msanga, maulendo 80 kapena 90 pa mphindi. Werengani bondo lakumanja likamakwera kwa masekondi 15, mupeze 20 kapena kuposa pang'ono. Poyamba mudzamva ngati mukupalasa mphepo, ngati mwana. Pirirani. Giya yolemera imadya minofu, ndipo minofu ikatha yatha tsiku limenelo. Giya yopepuka imapatsa ntchito mtima ndi mapapo, zimene zimabwerera mukangopuma pang'ono.

Ndipo inu mumakhala pakati penipeni pa zitunda ziwiri zimene anthu ochokera ku Johannesburg ndi kunja amagona akuzilota. Chapman's Peak ili kuseri kwanu, Suikerbossie ili pakhomo panu. Koma musazikwere muli ndi miyendo yatsopano n'kumati mwazidziwa. Konzani ulendo woti muzidzazipeza pobwerera, mutatopa kale: kutuluka pa Nek, kutsikira ku Muizenberg, Fish Hoek, kudutsa ku Noordhoek, kenako Chapman's Peak, ndipo mukafika ku Hout Bay musakhotere kunyumba, pitirirani mpaka pamwamba pa Suikerbossie. Kudutsa pafupi ndi pakhomo panu muli wotopa n'kupitirira ndi phunziro palokha, ndipo tsikulo mudzafunika kuchita chimodzimodzi. M'misewu imeneyi yendani kumanzere kwenikweni, mmodzi kumbuyo kwa mnzake, muvale zowala, ndipo m'mawa kwambiri musayende nokha.

Za kudya ndi kumwa ndi zimene zinandigwetsa ine ulendo wanga woyamba, choncho ndizinena mosabisa. Ndinanyamuka nditangomwa tiyi ndi buledi, m'thumba muli nthochi imodzi. Pa msewu waukulu wa M3, umene amautcha Blue Route, gulu linali kuuluka ndipo ine ndinauluka nalo, mtima uli dyokodyoko. Njala sindinaimve mpaka ku Scarborough. Pofika ku Ocean View manja anayamba kunjenjemera, maso kuchita chidima, ndipo miyendo inangokhala ngati ya munthu wina. Pa Suikerbossie ntchafu yakumanja inakokana, inauma gwa ngati mtengo, ndinatsika njinga n'kukhala pa mwala m'mbali mwa msewu. Mayi wina amene ankaonerera anandipatsa mbatatesi ziwiri zophika zothira mchere, zili m'kapepala, ndi kapu ya chakumwa chotsekemera, anaima pambali panga osalankhula kanthu mpaka nditadya zonse. Patapita mphindi khumi ndinadzuka. Mphamvu zinalipo m'thupi, chimene chinatha ndi shuga.

Thupi limasunga shuga wokwanira ola limodzi ndi theka kapena awiri a ntchito yolimba, basi. Choncho mumayamba kudya ola loyamba lisanathe, njala isanabwere, ndipo mumapitiriza mphindi 30 kapena 40 zilizonse. Akatswiri a zakudya amati magalamu 30 mpaka 60 a chakudya chopatsa mphamvu pa ola. Nthochi imodzi yaikulu bwino ili ndi pafupifupi 25. Ndiye kuti nthochi ndi kabuledi kopaka jamu pa ola, kapena mbatata yophika, kapena mbatatesi zothira mchere. Timapaketi ta m'sitolo ta zotsekemera zonga uchi timene anzanu amanyamula si tofunika, ndipo ngati simunatiyesepo tingakutsegulireni m'mimba. Madzi, botolo limodzi la theka la lita kapena kuposerapo pang'ono pa ola, kukatentha muwonjezere. Mabotolo akhale awiri, lina la madzi, lina la chakumwa chokhala ndi shuga ndi kamchere. M'njira muli malo ambiri omwera, mudzadzaza. Koma musamwe madzi okhaokha mopyola muyeso poopa ludzu, chifukwa amasungunula mchere wa m'magazi ndipo munthu amatha kukomoka nazo. Zonsezi muziyesere Lamulungu lililonse, mimba nayo imaphunzira. Usiku wake idyani nsima kapena mpunga monga mwa masiku onse, ndiwo zosachuluka mafuta, mowa ayi. M'mawa phala, maola awiri musananyamuke.

Mawu awiri a zaumoyo, ndipo apa ndikunenetsa. Muli ndi zaka zopitirira 40, pitani ku kiliniki akakuyezeni kuthamanga kwa magazi ndi shuga musanayambe zokonzekera. Ngati munamvapo kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena mtima kugunda mosalongosoka pokwera chitunda, muuzeni dokotala. Ngati sabata ya ulendowo mwadwala chimfine chotentha thupi, musapalase, ngakhale ndalama yolembetsera ikupwetekeni bwanji. Kachilombo ka chimfine kamatha kufika pa mnofu wa mtima, ndipo kuukakamiza mtima wotero ndi kumene kumapha anthu amphamvu. Mankhwala opha ululu a mtundu wa ibuprofen ndi diclofenac musamwe pa ulendo, amapweteka impso thupi likauma.

Kulembetsa kumachitika pa intaneti miyezi ingapo tsikulo lisanafike, ndipo pamafunika ndalama, choncho yambani kusunga. Nambala yanu ndi kachipangizo kowerenga nthawi mumakatenga masiku ochepa ulendo usanachitike, mutanyamula chiphaso. Wina akakuuzani kuti mupalase pa nambala ya bwana wake amene wasintha maganizo, kanani, pokhapokha dzina litasinthidwa mwa dongosolo la okonza. Nambalayo imanyamula dzina la munthu, matenda ake ndi foni ya abale ake. Mukagwa n'kukomoka, achipatala adzakuthandizani ngati munthu wina ndipo adzaimbira banja lina.

Poti ndinu woyamba, adzakuikani m'magulu a kumbuyo, onyamuka dzuwa litakwera kale. Akatswiri amanyamuka cha m'ma 6 koloko, inu mwina patapita maola awiri kapena atatu. Nthawi yanu imayamba kuwerengedwa gulu lanu likanyamuka, choncho musade nkhawa, koma dziwani kuti kutentha ndi mphepo zidzakupezani inu kuposa iwo. Mphepo ya kuno mukuidziwa, ya kum'mwera chakum'mawa imene amaitcha Cape Doctor, mbale wake wa mwera wa kunyanja kwathu. Mu 2017 inakula mpaka anthu kumagwa ndi njinga zawo poyambira pomwe, ulendo n'kulephereka, sabata yomweyo imene moto unapsereza nyumba zambirimbiri kwanu ku Imizamo Yethu. Mu 2015 moto wa m'mapiri unachititsa kuti aufupikitse kufika makilomita 47, ndipo mu 2002 anauimitsa pakati chifukwa cha kutentha. Okonza akanena kuti imani, imani.

Mphepo imeneyi ikamaomba, theka loyamba lonse imakumenyani kumaso, kuchokera m'tauni, kudutsa Muizenberg, Kalk Bay, Simon's Town mpaka pamwamba pa Smitswinkel. Apa ndi pobisala. Khalani kumbuyo kwa anthu a liwiro lanu, chifukwa wobisala kumbuyo kwa mnzake amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Koma kuyenda m'gulu kuli ndi mwambo wake, ndipo inu mwazolowera kuyenda nokha. Tayala lanu lakutsogolo lisalowe m'mbali mwa tayala lakumbuyo la mnzanu, akangokhota pang'ono wogwa ndinu. Musamange mabuleki mwadzidzidzi, musayende mokhotakhota, maso akhale patsogolo osati pa tayala. Mukafuna kuima, kwezani dzanja, pitani kumanzere, tulukani mumsewu. Othamanga amadutsa kumanja, asiyeni apite. Botolo likagwa lisiyeni. Pezani anzanu awiri atatu muyesere zimenezi Lamulungu lina, musadzaziphunzire pakati pa anthu masauzande.

Chitunda choyamba chenicheni ndi Edinburgh Drive, makilomita ochepa chabe kuchokera poyambira pa Grand Parade. Anthu amaimba, ng'oma zikulira, ndipo mwendo wa kabaza udzafuna kuonetsa chimene uli. Ugwireni. Kuthamanga si kufika. Anthu amene adzakudutseni pamenepo ambiri mudzawapeza akukankha njinga ku Hout Bay. Ine ndimadziuza kuti mpaka pa Smitswinkel ndikungopita koyambira. Mukakhota pamenepo mphepo imabwera kumsana, msewu umatsetsereka kulowera ku Scarborough ndi Misty Cliffs, nyanja ili kumanzere, mafunde akuponya nthunzi yozizira pamsewu. Pamenepo idyani, imwani, tambasulani msana, chifukwa kuchokera ku Ocean View kupita ku Noordhoek kumatentha ndipo thupi limayamba kufunsa mafunso.

Chapman's Peak ndi msewu wa makilomita 9 wosemedwa m'thanthwe, wa makona 114, ndipo umakwera kawiri. Kachitunda koyamba kamanamiza anthu kuti afika, kenako msewu umatsika pang'ono n'kuyamba kukwera kwenikweni. Lowani giya yopepuka musanaifune, khalani pansi, manja momasuka pa handulo, mpweya uzilowa mpaka m'mimba. Musayang'ane pamwamba pomwe pali anthu ngati nyerere, yang'anani kona yotsatira. Potsikira ku Hout Bay gwirani mabuleki onse awiri mofatsa musanalowe pakona, osati muli pakati pake, ndipo samalani ndi mphepo yotulukira m'mipata ya phiri. Apa anthu amakhala atatopa ndipo maganizo amachedwa.

Kenako mudzadutsa kwanu. Auzeni akunyumba ndi anzanu aime chakumunsi kwa Suikerbossie ndi botolo lozizira, chifukwa mawu a munthu wokudziwani akukuitanani m'chinenero chanu pamenepo amaposa chakudya chilichonse. Chitundachi sichifika makilomita awiri bwinobwino, mumachidziwa, koma chimabwera mutapalasa kale makilomita oposa 90, dzuwa lili paliwombo, msewu uli mbee kutsogolo kwanu osakhota. Yambani pang'onopang'ono kuposa mmene mukufunira. Mnofu ukayamba kugwiragwira, pepukitsani giya, musaimirire. Ukakokana ndithu, pitani kumanzere, tsikani, uwongoleni mofatsa, yendani pansi pang'ono. Kukankha njinga pa Suikerbossie si manyazi, mendulo yake ndi yomweyo. Mukafika pamwamba mwatsala ndi makilomita pafupifupi 15, ambiri otsetsereka ndi athyathyathya, kudutsa Camps Bay, Clifton ndi Sea Point mpaka ku Green Point, kumene ulendo umathera. Anthu amagwa m'chigawo chimenechi chifukwa cha chimwemwe ndi kutopa, choncho manja onse akhale pa handulo mpaka mutadutsa mzere.

M'thumba mukhale machubu awiri, pampu yaing'ono, tizitsulo totsegulira tayala, foni ndi kandalama. Kusintha chubu inu simufuna kuphunzitsidwa. Dzolani mafuta oteteza ku dzuwa pakhosi, m'manja ndi pamphuno, khungu lakuda nalo limapsa pa maola asanu ndi limodzi.

Chotsala ndi chimene anthu a ku Hout Bay amaiwala chaka chilichonse: tsikulo misewu yotulukira kwanuko imatsekedwa m'mamawa, ndipo kuchokera kwanu kukafika ku Grand Parade ndi makilomita oposa 20. Musawapalase, mudzawafuna madzulo. Pezani m'bale wokhala kufupi ndi tauni mukagone kumeneko Loweruka, njinga ili pambali panu, nambala mutamangirira kale. Mukonzeretu ndi wa galimoto wodzakutengani ku Green Point misewu ikatsegulidwa, chifukwa mukakhala pansi pa udzu paja mendulo ili m'khosi, miyendo sidzavomeranso kukwera Suikerbossie kuchokera mbali inayo. Ndipo abwana anu muwapemphe tchuthi cha Lolemba kukadali mwezi wathunthu.